Bedi la Alamu Anga pa Malire

Alamu anga a Rabson ankasoka matenti a mathiraki pa boda ya Mchinji. Musaseke, ndi ntchito imeneyo. Thiraki ikachoka kudoko ndi fetereza, tenti imafika kuno itang'ambika, ndipo dalaivala wanzeru salowa nayo choncho m'Zambia mvula ili pafupi. Ndiye ankaitana a Rabson. Iwo ankakwera pamwamba pa katundu ndi chisingano chawo chopindika, ndudu ya chingambwe ili pakamwa, n'kuyamba kusoka kwinaku akulankhula. Munthu uja ankalankhula, abale inu. Ali pamwamba pomwepo ankatha kuweruza mkangano wa anyamata osintha ndalama pansi, kulangiza dalaivala wa ku Tanzania za ukwati m'chinenero chimene onse awiri sankachidziwa, n'kunyozanso nsapato zanga, zonsezo tenti imodzi isanathe.

Ine ndine Pius. Ndimayendetsa kasiyenta, kagalimoto konyamula anthu, pakati pa boma ndi boda, ndipo Esitele, mkazi wa a Rabson, ndi mlongo wanga wamng'ono. Nkhoswe ya ukwati wawo ndinali ine, ndiye nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinainyamula ndekha, mwendo wa bedi wakumutu, mbali ya kumanja.

Kwawo kwa a Rabson ndi ku Zambia, mudzi wina kuseri kwa mapiri a Kachebere. Anabwera kuno ali mnyamata kudzagula mtedza, anaona Esitele akugulitsa mandasi pageti, basi njira yobwerera inawasokonekera. Anamanga nyumba pamudzi pathu monga mkamwini aliyense, anabereka Tawina, anamukwatitsa, anamera imvi. Tinali titaiwala kuti ndi obwera.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene inu akutali simuchidziwa. Kuno kumalire munthu wamoyo savutika kuwoloka. Kanjira kalikonse ka m'munda ndi kake, akhoza kudya mmemo ku Malawi n'kukasamba m'manja ku Zambia. Koma munthu yemweyo akangotsikira kuli chete, wasanduka katundu. Pamafunika kalata ya dokotala, ya apolisi, ya azaumoyo, bokosi lomata, mankhwala oumitsa thupi, ndipo pepala lililonse lili ndi ofesi yake ndi munthu wake amene wangotuluka kumene. Mwina mufunsa kuti bwanji osangodutsa nawo maliro m'tchire. Yesani. Shuga amazembetseka chifukwa shuga alibe azakhali olira. Ndiye mwambo wathu ndi wakuti mkamwini wa mbali inayo akadwala mpaka kuoneka kuti zavuta, abale ake amabwera kudzamutenga akadapuma, akafere kwawo, akagone pafupi ndi amayi ake. Palibe amatsutsa. Chovuta ndi kudziwa kuti zavutadi.

Matenda a alamu anayamba ndi kumeza. Ankati nyama ikukanirira, ife n'kumati ndi ukalamba wa ng'ombe za masiku ano. Kenako pakhosi panatuluka chotupa cholimba, mawu n'kuyamba kumveka ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Tsiku lina ndinafika pa boda ndipo panali zii. Mathiraki analipo, anthu analipo, koma pamwamba pa katundu munthu ankasoka osalankhula. Ndinachita mantha.

Kuchipatala cha paboma anatitumiza ku Lilongwe. Tinapita atatu, ine, Esitele ndi odwalawo. Dokotala wake anali mayi wachitsikana wolankhula mofatsa. Anadula kanyama kochepa ngati njere ya mpunga kuseri kwa lilime, ndipo titabwereranso anatiuza mosabisa kuti ndi khansa. Kenako anafotokoza kuti khansa ya malo amenewa ili ndi mitundu iwiri yooneka mofanana. Wina umayamba ndi kachirombo kenakake ndipo umasiya chizindikiro m'nyama, chimene iwo amachitcha pii sikisitini. Mtundu umenewo umamva mankhwala, ambiri amapulumuka. Winawo, umene umakonda anthu a fodya ndi mowa, ulibe chizindikirocho ndipo ndi wouma mutu. Kuti adziwe, kanyama kaja kanayenera kupita kunja kukapimidwa. Ananenanso zina, za kuimba foni ndi za kuyamba chithandizo, koma ndiuzeni, ndani amamva mawu achiwiri pamene oyamba anali akuti khansa? Ife tinatuluka ndi chinthu chimodzi m'mutu: pali chizindikiro chimene chidzanene ngati a Rabson afa kapena safa.

Monga nkhoswe ndinayenera kudziwitsa abale awo, ndipo ndinanena momwe ndinamvera. Dzuwa lisanalowe kawiri, pakhomo pa Esitele panaima ngolo ya ng'ombe, matiresi ali kale mkati. Pamwamba pake panali Anasi, mlongo wawo wa a Rabson, mayi wamfupi wa mawu ngati hutala ya basi, ndi malume awo a Alufeyo, nkhalamba yoyenda ndi mpini wa khasu m'malo mwa ndodo.

"Tabwera kudzatenga munthu wathu," anatero Anasi asanatsike n'komwe.

"Munthu wanu ali pa mankhwala," anayankha Esitele.

"Mankhwala ake ati? Mwati kanyama kokha ndiko kapita kunja, mwini wake ali pano."

Anasi ndinkawada masiku amenewo, sindibisa. Koma chifukwa chawo chinalipo. Mng'ono wawo wa a Rabson, Felix, anadwalira kuno ku Malawi, anamwalirira m'chipatala cha mumzinda, ndipo mapepala atavuta anaikidwa konko pakati pa anthu osawadziwa. Amayi awo anamwalira akufunsabe kuti manda a mwana wawo ayang'ana kuti. Anasi analumbira pamaliro a amayiwo kuti Rabson yekha sadzatayika choncho. Esitele naye anali ndi lumbiro lake: munthu akangokwera ngolo ija sabwerera, ndipo iye sakanalola kuti mwamuna wake akagonekedwe m'nyumba kudikira imfa pamene dokotala sananene kuti zatha.

Tinakhala pansi ankhoswe. Tinagwirizana mwanzeru, kapena tinkaganiza choncho, kuti chizindikiro chija ndicho chiweruze. Chikapezeka, a Rabson akhala kuno n'kulandira chithandizo. Chikapanda kupezeka, akwera ngolo. Koma podikirapo akhala kuti? Anasi anakana zoti akhale kwa Esitele, ati imfa siimba foni, akangotsamwa ali ku Malawi ndiye za Felix zabwereranso. Esitele anakana zoti apite ku Zambia ngakhale kukacheza. Tinakangana mpaka ng'ombe zinagona pansi.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. A Alufeyo anatsokomola, anagogoda mpini wawo pansi, nati, "Nanga chigafa cha Kefasi?"

A Kefasi ndi mlimi wa fodya amene munda wake wadulidwa ndi malire. Chipilala cha simenti chili pakati pa mizere, ndipo chigafa chawo choyanikira fodya chinamangidwa mopingasa, mbali ina kuno, ina uko. Fodya anali atagulitsidwa kale, chigafa chinali chopanda kanthu. Ndiye m'mawa mwake anthu akuluakulu, a ndevu zathu, tinanyamula bedi la m'nyumba ya mlongo wanga kudutsa nalo m'minda ya anthu. A Rabson ankayenda pambuyo pathu atanyamula pilo.

A Alufeyo anamanga chingwe pachipilala n'kuchikoka kudutsa m'chigafa mpaka pamtengo wa mthethe, nati malire ndi amenewo. Pomwepo panabuka funso limene sindinaliganizepo chibadwire: kodi munthu amafera kumutu kapena kumiyendo? Esitele anati kumutu, pakuti mutu unali ku Malawi. Anasi anati miyendo ndiyo imayamba kuzizira. A Alufeyo anaweruza kuti munthu amafera pamene pali mtima, ndiye tinakankha bedi mpaka chingwe chinadutsa pachifuwa penipeni. A Rabson anayesa kunena kanthu, koma azimayi onse awiri anawauza pamodzi kuti apumule, asadzivute. Chimenecho ndi chinthu chokha chimene awiriwo anagwirizana nyengo yonseyo.

Chizindikiro cha ku Lilongwe chinachedwa, ndipo anthu sangakhale manja lende, anayamba kupeza zizindikiro zawo. M'mawa uliwonse a Alufeyo ankamva umboni wa mbali zonse ziwiri. A Rabson akatsokomola kwambiri, bedi linkasuntha utali wa mpini umodzi kulowa ku Zambia kuti imfa isawapeze mbali yolakwika. Akamaliza mbale ya phala, mpini umodzi kubwerera ku Malawi. Ine ndinkadzera pamenepo ndisanayambe ntchito, kudzangonyamula mwendo wanga wa bedi. Posakhalitsa ndinaona kuti mlongo wanga akunenepa, ndipo ndinamupeza kuseri kwa chigafa akumaliza yekha phala la wodwala kuti mbale ioneke yoyera. Anasi nawo ankawerengera m'umboni wawo ngakhale kutsokomola kwa mbuzi ya a Kefasi. Kadzidzi atalira, panakhala mlandu wa tsiku lonse wofufuza kuti analirira mumtengo wa dziko liti.

Anthu anayamba kubwera kudzaona. Amayi a mvano a kwathu ankaima mbali ya Malawi kupempherera machiritso. A mpingo wa kwawo ankaima mbali ya Zambia kuimba nyimbo zija zofatsa za ulendo, osati za maliro kwenikweni, koma zoyandikana nazo. Wina anayamba kugulitsa chimanga chootcha panjira yolowera. Madalaivala atamva kumene kuli a Rabson anayamba kutumiza matenti ong'ambika panjinga, ndipo iwo ankasoka atakhala pabedi, tenti itaphimba mayiko awiri. Esitele anati munthu wogwira ntchito ndi wamoyo, bedi libwerere mipini iwiri. Anasi anati ayi, munthu akamalongosola ntchito zake ndiye kuti akutsanzika. A Alufeyo anaganiza mpaka masana n'kulamula kuti bedi likhale pomwepo koma litembenuzidwe kwa tsiku limodzi.

Kuchimbudzi a Rabson ankapita okha ndi miyendo yawo, kenako n'kubwerera kudzagona kuti tiwanyamule. Palibe amene anaona chachilendo pamenepo. Ine ndinkaona maso awo okha. Munthu amene ankatseka pakamwa boda yonse anali atagona chagada kuyang'ana denga la udzu, akumva anthu akukambirana za mtima wake ngati thumba la chimanga. Chotupa chija chinkakula. Phala linayamba kuphikidwa lamadzimadzi, kenako lamadzi enieni. Ndinawauza a Alufeyo kuti mapanga awiri avumbwitsa, iwo anati kuno kulibe mapanga, kuli chigafa.

Mphepo ya Juni inadutsa, kutentha kunayamba, foni osalira. Foniyo inali ya a Rabson, nambala yake ndi imene tinasiya kuchipatala, ndipo Esitele anaimangirira ndi kansalu kumwendo wa bedi kuti Anasi asaiyankhe okha. Tsiku lina m'mawa mlongo wanga anangolowa m'kasiyenta kanga atavala chitenje chake cha kutchalitchi.

"Achimwene, tiyeni ku Lilongwe. Ndatopa."

Anasi anakaniratu zoti wodwala apite nawo, ati msewu wonsewo ndi wa Malawi. Tinapita awiri.

Dokotala uja atationa anayang'ana kumbuyo kwathu, kenako pakhomo.

"Odwala ali kuti?"

"Ali pa malire," ndinayankha.

"Akubwera?"

"Ayi, agona."

Ndinafotokoza zonse, chigafa, chingwe, mpini. Ndinkayembekezera kuti aseka, ndipo zikanakhala bwino akanaseka. Anavula magalasi n'kutseka maso kanthawi. Kenako anati akhala akuimba foni kambirimbiri ndipo siinkalowa. Apo m'pamene zinandifikira. Aliyense wa kuno amadziwa kuti ukayandikira chipilala foni imagwira netiweki ya ku Zambia, ndipo ya kuno imafa. Foni yathu inali kumwendo wa bedi, kumiyendo, ndipo miyendo inakhala ku Zambia pafupifupi nyengo yonseyo.

"Ndiye chizindikiro chija?" anafunsa Esitele.

"Palibe, mayi. Sichinapezeke."

Esitele anagwira tebulo. Ine ndinayamba kale kuganiza za ngolo. Koma dokotala anapitiriza, ndipo ulendo uno ndinatchera khutu mpaka kumapeto.

"Chizindikiro chimenechi sichinena kuti munthu alandire chithandizo kapena ayi. Chikhalepo, chisakhalepo, bambowa tikanawathandiza chimodzimodzi, kuwotcha chotupacho ndi makina ndi kuwapatsa mankhwala a m'mitsempha. Chimangotithandiza kudziwa kuti nkhondo yake ikhala yotani. Ife sitinkadikira chizindikiro. Tinkadikira inu."

Ndinafunsa ngati munthu wa pamsewu, kuti pa anthu khumi amapulumuka angati. Anakana kaye, ati chiwerengero chimanena za gulu, sichidziwa dzina la munthu. Nditaumirira anati amene ali ndi chizindikiro mwina asanu ndi atatu amakhala alipobe pakapita zaka zingapo, amene alibe mwina anayi kapena asanu, ndipo chotupa chikamakula nambalayo imatsika. Anafunsa ngati chakula. Esitele anaonetsa ndi dzanja pakhosi pake. Dokotala anangoti tibwere nawo msanga.

Njira yonse yobwerera ndinali wolusa. Ndinalusira Anasi, a Alufeyo, mpini wawo, mbuzi ya a Kefasi, netiweki ya mayiko onse awiri. Pa Namitete ndinamuuza Esitele kuti tingonama, tikanene kuti chizindikiro chapezeka. Anapukusa mutu.

"Ndadya phala la wodwala nyengo yonseyi, achimwene. Bodza landikwana."

Tinafika dzuwa litapendeka, anthu ali thithithi kuzungulira chigafa. Ndinaima pachingwe n'kunena kuti chizindikiro palibe. Sindinamalize n'komwe. Mbali ya Zambia inayamba nyimbo, wina anathamangira kukamanga ng'ombe, amuna anayi anagwira miyendo ya bedi. Anasi sanasangalale, ndinene zoona. Misozi inali mbwembwembwe, koma manja awo ankapinda zofunda mwachangu. Ine ndinkakuwa kuti pali zinanso, koma pangano ndi pangano, ndipo a Alufeyo anali atakweza kale mpini.

Ndiye a Rabson anagogoda chitsulo cha bedi ndi chisingano chawo chija. Anagogodanso. Anthu anakhala chete chifukwa chodabwa, pakuti tinali titazolowera kuti pabedipo pali nkhani, osati munthu. Anandikodola ndi chala. Ndinawerama, ndipo mawu awo anali ngati a munthu wolankhulira m'botolo.

"Alamu, dokotala wati chiyani? Zonse."

Ndinawauza zonse, za makina, za foni, za kudikira kwachabe.

"Pa khumi, angati?"

"Anayi. Mwina asanu. Mwina tsopano ochepera."

Anayang'ana chingwe chija pachifuwa pawo. Kenako anachikweza ndi dzanja, anatsitsa miyendo, n'kuimirira. Amuna anayi aja anatsala atanyamula bedi lopanda munthu, osadziwa kolowera nalo.

"Mayi a Tawina," anatero, "jekete langa."

Anasi anagwada pansi n'kuwagwira mwendo. "Achimwene, tinapangana. Mukafera kumeneko ngati Felix ine ndidzawauza chiyani amayi?"

A Rabson anawerama movutikira. Anthu akutali sanamve, koma ine ndinali pafupi.

"Munapangana inu. Ine simunandifunse. Anasi, sindinafe. Anayi ndi anthu ambiri. Ndilole ndikayese, zikakanika ndibwera ndekha, sudzandinyamula."

Anasi analira kulira kwenikweni, kosakhala kwa mwambo. Kenako anadzuka, anapukuta m'maso ndi chitenje, n'kundiyang'ana ngati ndine ndinayambitsa khansa.

"Galimoto lanu lija lili ndi malo a anthu angati?"

Anapita nawo. Ku Lilongwe azimayi awiri aja ankagona pamkeka umodzi kumalo a odikirira odwala, kukangana za mchere wa m'phala ndi za amene achape. Chithandizo chinali chowawa. Khosi linapsa ngati chikopa cha pamoto, malovu anauma, munthu anatsala mafupa. Koma chotupa chinaphwa. Mvula itayamba a Rabson anabwerera kwathu, botolo la madzi lili m'thumba nthawi zonse chifukwa m'kamwa munkauma. Chingambwe anasiya. Pamwamba pa thiraki sankakweranso, ankasokera pansi pamthunzi, ndipo mawu atabwerera pang'ono anayambiranso kunyoza anthu monong'ona, moti wonyozedwayo ankachita kuwerama kuti amve bwino chipongwe chake. Anadya chimanga chachiwisi chaka chimenecho, chopala n'kuphika chofewa. Ananyamula mwana wa Tawina. Anadyanso chimanga cha chaka chotsatira.

Ngati kuchedwa kuja kunawadyera zaka, palibe angandiuze. Ndinamufunsa dokotala, anati sakudziwa, ndipo ndinaona kuti sakunama. Funso limenelo ndimayenda nalo m'galimoto mpaka lero.

Kenako chotupa chinabwerera, mbali ina ya khosi, ndipo zithunzi zinaonetsa kuti chafika ndi m'mapapo. Ulendo uno dokotala analankhula ndi a Rabson eni ake, ife tili chete. Anawapatsa mankhwala oletsa ululu, nati chimene chatsala ndi kuwasamalira. Palibe anaitana ankhoswe. Patapita masiku, Esitele anabwera kwanga m'mawa ndi kiyi wa nyumba yake.

"Nkhuku muzizitsekulira. Mbuzi ndapereka kwa Tawina."

"Ukupita kuti?"

"Kwawo. Anamulonjeza mlongo wawo."

"Iwe unamenya nkhondo yonse ija kuti asapite."

"Ndinkamenyera kuti asapite kukadikira imfa asanayese. Ayesa, achimwene."

Ndinawatenga pa kasiyenta mpaka pamene msewu wafumbi umathera, m'mphepete mwa minda. Kutsogolo, patali ndithu, Anasi anali ataima pansi pa mtengo, okha, opanda ngolo. A Rabson anatsika pang'onopang'ono atavala jekete ndi chipewa, Esitele atasenza chikwama. Ndinatseka galimoto kuti ndiwaperekeze, koma anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lopepuka ngati la mwana. Ndinawerama kuti ndimve.

"Alamu, inu mubwerere pompano."

"Ndikufikitseni pamtengo paja basi."

"Ayi. Woperekeza amabwerera yekha. Komanso inu mumalira moipa, mundichititsa manyazi kwathu."

Ndinawasiya. Anayenda pakati pa mizere ya mtedza, kuima, kumwa madzi, kuyendanso, Esitele ali pambali pawo osawagwira chifukwa anamuletsa. Anatenga nthawi yaitali kwambiri. Atafika pamtengo Anasi analandira chikwama, ndipo atatuwo anakhota kuseri kwa chulu.

Ndinalowa m'galimoto n'kutseka mawindo onse. Alamu anga sananame, ndimalira moipa. Mayi wina wodutsa ndi mtolo wa nkhuni anagogoda pagalasi kufunsa ngati ndikupita kuboma, ndipo ndinamuuza kuti adikire pang'ono.